Tsiku la Komiti Ndinali ku Fiyeta

Lachisanu, 1 Novembala 2019

Kondie, mwana wanga, wandibweretsera kope ili kuti ndisiye kuvutitsa manesi. Akuti nesi akagonekedwa amakhala wodwala wovuta kuposa onse. Ali ndi mwano mwana ameneyu, koma sakunama.

Ndinabwera dzulo. Ululu unandigwira m'basi ndikubwerera kwathu ku Rotherham, pansi pa nthiti, kulasa mpaka kumsana. Ndinatsika n'kukwera ina yobwerera ku Sheffield, kuchipatala chomwechi chimene ndimagwirako ntchito kumbali ya ngozi. Halima, sisitala wathu wamkulu, atandiona ndikulowa nditapindika anati, “Esnath, waiwala chiyani?” Atandiyang'ana kumaso anathamangira njinga ya odwala.

Andijambula. Miyala m'ndulu. Umodzi unatsika n'kutseka njira, ndiye kapamba watupa. Osadya, osamwa, kungonyowetsa milomo. Dripi, mofini, ndi jakisoni wapamimba woletsa magazi kuundana.

Koma zimenezo si nkhani. Nkhani ndi iyi: atisankha! Uthenga walowa pafoni m'mawa uno, dokotala ali mkati mondisinikiza pamimba. Boma linatulutsa ndalama zothandizira ntchito zochepetsa kuwomberana ndi kubayana, ndipo gulu lathu lili m'gulu la ochepa amene aitanidwa kukalankhula pamaso pa komiti Lachinayi likudzali. Ndinakuwa. Dokotala anadzidzimuka n'kufunsa ngati pamene wagwirapo ndi pamene pakupweteka kwambiri.

Loweruka, 2 Novembala

Usiku ndinasanza. Thupi latentha pang'ono. Awonjezera dripi.

Ndilembe bwino za gululi, mwina mofiniyu andiiwalitsa zokanena. Dzina lake ndi la Chingerezi, koma patokha timalitcha Usabwerenso. Pantchito panga ndaona anyamata akubwera ndi chipolopolo m'thupi, ife n'kuwasoka bwinobwino, iwo n'kutuluka. Pakapita miyezi, yemwe uja wabweranso, kapena wabwera amene iye wakamubwezera. Ena amabwera osapumanso. Chimene tikupempha n'chapafupi: munthu akawomberedwa, pambali pa bedi lake pakhale wina amene anadutsamo, alankhule naye mtima usanaume, kenako amutsatire akatuluka, pa za ntchito, za nyumba, za sukulu. Takhala tikuchita zimenezi mongodzipereka, tikukumana mu holo ya tchalitchi, aliyense akaweruka kuntchito kwake. Anthu atopa. Awiri anasiya chaka chino. Popanda ndalamazi, Khirisimasi itipeza titatseka.

A Lazarus, amuna anga, abwera ndi mpunga wa nkhuku ngakhale ndinawauza kuti sindikudya. Akuti, “Mayi a Kondie, mwina madokotala asintha maganizo.” Adya okha atandifulatira. Fungo lokha landiliza.

Lamulungu, 3 Novembala

Ululu wachepa. Magazi akuonetsa kuti kutupa kwayamba kutsika. Andilola madzi, pang'onopang'ono.

Bedi la kumanzere kuli Mayi Agatha, mzungu wa ku Rotherham komweko, wa zaka za m'ma sevente. Anawachita opaleshoni ya matumbo. Iwo amatcha aliyense “lavu”, ndiye kuti wokondedwa, ngakhale dokotala wamkulu. Anandimva ndikuyeserera zokalankhula chapansipansi, n'kukoka katani.

“Ukupemphera kapena ukukangana ndi munthu?”

Ndinawafotokozera zonse, mwachimwemwe changa chija. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, “Kwathu anatseka laibulale. Anatseka malo amene ife okalamba tinkadyera limodzi Lachitatu. Basi ya madzulo anaichotsa. Ndalama kulibe, ndalama kulibe. Lero zapezeka za anyamata a mfuti? Ndiye kuti nanenso ndigule mfuti, lavu?”

Ndinayamba kuwauza mtengo wa kuchiza munthu mmodzi wowomberedwa. Anandidula. “Zimenezo kauze komiti yako. Ine sunandiyankhe.”

N'zoona, sindinawayankhe. Ndakhala ndikuliganizira tsiku lonse, ndipo chodabwitsa n'choti landipatsa mphamvu. Ngati komiti ili ndi munthu ngati ameneyu, bola ndakumana naye kuno.

Amayi a kutchalitchi abwera atatu ndi zitumbuwa. Zapita kwa manesi.

Lolemba, 4 Novembala

Andilowetsa m'makina aja aphokoso ojambula njira za ndulu. Mwala uja unadutsa wokha. Aleluya. Dokotala wa opaleshoni, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, wati ndulu ichotsedwe ndisanatuluke, apo ayi zibwereranso moipa. Aboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, mawa lake kunyumba.

“Liti?” ndinafunsa.

“Lachinayi m'mawa.”

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Ndinamupempha Lachisanu. Wati Lachisanu kwadzaza, ndipo kenako ndi sabata yamawa, ndipo iye sangandilole kutuluka kupita kumsonkhano ndi kapamba wotere. Ndinati ndisaina kuti ndatuluka mwakufuna kwanga. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe ukanakhala pamalo panga, wodwala wako ukanamuuza chiyani?”

Ndaimbira ku ofesi ya komiti. Sangasinthe tsiku. Wina wa gulu lathu akalankhule.

Ndalira pang'ono m'bafa. Kenako ndaimbira Sydney, mnzanga wa m'gulu lathuli.

Lachiwiri, 5 Novembala

Ndamwa supu wopanda mafuta ndi kagawo ka buledi. Zakhala m'mimba.

Sydney wabwera madzulo ataweruka ku weyahausi kumene amalongedza katundu. Ndi bambo tsopano, wa mwana mmodzi, amayenda ndi ndodo. Anabwera kuno ali wamng'ono ndi amayi ake kuchokera ku Ndirande. Ndinamudziwira pa tebulo lathu la ngozi kalekale, chipolopolo chili m'chiuno, akutukwana m'Chichewa poganiza kuti palibe akumva. Ndinamuuza kuti, “Iwe, pakamwa pako!” Anatsegula maso ngati waona mzukwa. Atachira anakatenga mfuti yoti akabwezere, apolisi anamugwira nayo asanaigwiritse ntchito, n'kukakhala kundende. Gulu lathuli tinaliyamba awiri iye atatuluka. Anyamata amamumvera iyeyo, osati ine.

“Anti, ayi,” anatero ndisanamalize n'komwe. “Mukudziwa ndikachita mantha chibwibwi chimandigwira. Ndiye mu komitimo muli apolisi. Mawa zimveka m'tauni kuti Sydney amakhala pa tebulo ndi apolisi. Ndi mnyamata uti adzandiuzenso zakukhosi?”

“Ukakana, Januwale kulibe gulu loti akuuzire zakukhosizo.”

“Tumani abusa.”

“Abusa akalalikira. Komiti sikufuna ulaliki.”

Tili mkati mokangana, kunja kunayamba kuphulika makombola, paja lero ndi tsiku lija anthu a kuno amayatsa moto m'mapaki chaka chilichonse. Kumveka koyamba Sydney anagwetsa ndodo, dzanja lili pa chitsulo cha bedi, thukuta pamphumi. Ndinangomugwira mkono.

Mayi Agatha anali akuonerera zonse. Anafunsa m'Chingerezi kuti, “Uyu ndi mmodzi mwa anyamata a mfuti aja?”

Sydney anayankha yekha. “Ndinali.”

“Ndiye ndiuze iweyo, poti nesi wakoyu walephera. N'chifukwa chiyani msonkho wanga upite kwa anthu onga iwe?”

Ndinafuna kulowererapo koma Sydney anandiletsa ndi dzanja. Anachita chibwibwi, inde. Koma anati, “Sindikudziwa ngati tikuyenera, mayi. Mwina ayi. Koma amene ndinkafuna kukamuwombera ankakhala ndi agogo ake, ndipo ine ndikanawombera pa windo. Sindikanafunsa kuti pampando wa pawindopo pamakhala ndani.”

Mayi Agatha anati, “Ukweze mawu. Umalankhulira m'malaya.”

Pochoka Sydney anati, “Anti, nditumizireni zimene munalembazo. Sindikulonjeza.”

Wavomera ameneyo! Ndikumudziwa. Manesi andiuza kuti ndigone, ndikusokoneza ena.

Lachitatu, 6 Novembala

Tsiku lokoma. Wodi yasanduka kalasi.

Dokotala wogonetsa anthu wabwera, wafunsa za mano ndi za mankhwala amene thupi langa limadana nawo. Ndasaina. Kuyambira pakati pa usiku osadya kanthu. Andipatsa masokosi olimba aja ofika m'mawondo.

Sydney anapempha tchuthi cha theka la tsiku. Anaima kumapazi a bedi langa ndi pepala, ife kukhala komiti: ine, Mayi Agatha, mayi wina wa ku Pakistan wa pabedi la pakona amene samva bwino Chingerezi koma amagwedeza mutu mwaulemu, ndi Kondie amene anabwera ndi yunifomu ya ku koleji. Komiti yeniyeniyo imupatsa Sydney mphindi khumi zokha mawa. Ulendo woyamba anathera pakati. Wachiwiri anathamanga ngati akuwerenga chilengezo cha maliro. Mayi Agatha ankamenya supuni pa kapu akangotsitsa mawu.

Kondie anamufunsa mafunso ovuta, m'Chingerezi chake cha kuno chimene ine ndimachita kutchera khutu. Nditamuuza kuti, “Uwafunse m'Chichewa amalume akowa,” anayesa: “Amalume, mukapanga fail, ndalama mubweza?” Tonse tinaseka mpaka ine kugwira pamimba.

A Lazarus alonjeza kumutenga Sydney pa galimoto kuchokera ku Rotherham kupita ku komiti kuno ku Sheffield. Ndawauza kuti asabwere kuno kudzandidikirira, ine ndikhala ndili mtulo, palibe chimene angathandize. Anakana, tinakangana, ndapambana. Sydney abwereka jekete yawo ya ukwati.

Sindikuopa mpeni. Mtima uli ku komiti.

Lachinayi, 7 Novembala

M'mawa. Mvula yamphamvu chiyambire kusanache. Andiveka gauni. Akubwera kudzanditenga. Ndatumira Sydney uthenga: kweza mawu.

Lachisanu, 8 Novembala

Sizinayende monga ananenera. Ndulu inamatirira, anachita kung'amba. Bala lalitali pansi pa nthiti, chubu m'mbali, batani la mofini m'manja.

Sindingalembe zambiri. Kunja madzi asefukira. A Lazarus anafika kuno kutada, nsapato zili m'manja. Akuti Sydney anakafika. Zina mawa.

Loweruka, 9 Novembala

Andiimiritsa, ndayenda mpaka pakhomo la wodi ndi kubwerera. Ngati ndakwera Mulanje. Thupi latentha pang'ono, ayamba mankhwala opha tizilombo kudzera mu dripi. Andipatsa kachipangizo kopumiramo kuti mapapo atseguke.

Tsopano nkhani yonse, monga andiuzira a Lazarus ndi Sydney, akulandana mawu.

Lachinayi lija mtsinje wa Don unadzaza, sitima zinaima, misewu yolowa mu Sheffield inatsekeka. Ananyamuka nthawi yabwino koma anakaima pa mzere wa magalimoto chakufupi ndi Meadowhall, osasuntha. Nthawi yawo yolankhula inakwana ali pomwepo. A Lazarus akuti anayamba kuimba nyimbo ya m'buku, Sydney n'kuwauza kuti, “Ankolo, pepani, zimitsani kaye kwayayo.” Kenako anatsegula chitseko.

“Ndinamuuza kuti mwendo wakowo sufika,” akutero a Lazarus. “Anangoti, mukauze anti kuti ndinayesa.”

Anayenda. Ndi ndodo, ndi chiuno chimene anamuikamo chitsulo atawomberedwa, mvula ikumukwapula, madzi ena ofika m'akakolo. Pena anakwezedwa ndi wa vani amene anamumvera chisoni, vaniyo n'kukatsekerezedwanso, iye n'kutsika. Anafika ku ofesiko nthawi itapitirira kalekale, akudziwa kuti akapeza kotseka.

Anapeza komiti yonse ili momwemo! Nawonso analibe njira yopitira kwawo. Anali atamaliza magulu ena onse, akumwa tiyi, akuyang'ana mafoni. Mlonda anamulowetsa akudontha madzi. Wapampando, mayi wa ku khonsolo, anamupatsa thaulo la mbale ndi kapu ya tiyi n'kunena kuti, “Poti tonse tili pano, tiyeni timve.”

Akuti pepala lija analiwerenga moipa, chibwibwi chili pakamwa, mano akugundana ndi kuzizira. Atamaliza, wapolisi wamkulu amene anakhala kumapeto anafunsa kuti, “Utawomberedwa, anabwera ndani pabedi pako?”

Sydney akuti apa mantha anachoka, chifukwa yankho ankalidziwa. “Munabwera inu, kudzafunsa amene anandiwombera. Sindinakuuzeni. Anabwera anzanga, kudzandiuza kuti mfuti yapezeka, ndichire msanga. Ndipo panali nesi mmodzi amene anandikalipira m'chilankhulo cha amayi anga. Ndinkafuna akhale pansi, koma anali ndi odwala ena. Anzanga aja ndi amene anali ndi nthawi.”

Mphindi khumi zija zinasanduka ola lathunthu ndi kupitirira. Anamufunsa zonse, ngakhale zoti akamva kanthu kwa mnyamata adzauza apolisi kapena ayi. Anawauza m'maso muli gwa kuti ayi, pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi, ndipo mnyamatayo adzamuchenjeza zimenezo tsiku loyamba. Wapolisi uja sanasangalale, koma analemba.

Pamene ankandiuza izi ndinaiwala bala, ndinafuna kudzuka kuti ndivine. Ululu unandibweza. Ndaseka ndikulira, Mayi Agatha akufunsa kuti, “Akuti chiyani? Akuti chiyani?” chifukwa tinali titalowa m'Chichewa chokhachokha. Kondie anawamasulira, ndipo ndinadabwa kuti anamva zonse.

Jekete ya ukwati yatha ntchito. A Lazarus akuti palibe kanthu, inkawathina kale.

Lamulungu, 10 Novembala

Achotsa chubu. Batani la mofini alichotsanso, tsopano ndi mapiritsi. Ndadya phala la oti ndi nthochi.

Nyumba ya Mayi Agatha madzi analowa mpaka m'khitchini. Mwana wawo wawaonetsa zithunzi pafoni. Sanalire, anangoti kapeti ija ankaida kale. Koma masana onse sanalankhule, ndipo supuni yawo inali phee. Atuluka mawa kupita kwa mwana wawoyo ku Barnsley.

Ndinawauza kuti anthu a gulu lathu akhoza kukathandiza kutulutsa matope. Anandiyang'ana cham'mbali. “Anyamata ako a mfuti m'nyumba mwanga?” Kenako anati, “Uja wa ndodo abwere. Koma asanyamule kanthu, aziwalondolera enawo.”

Za laibulale yawo ndilibebe yankho. Ndawauza choncho. Ati, “Bola wavomera.”

Foni ili pa pilo. Akuti ayankha mkati mwa sabata.

Lolemba, 11 Novembala

TAPATSIDWA!

A ku komiti anaimba foni pamene dokotala anali pabedi la pakona ndi gulu lake lonse la ophunzira. Ndinayankha chonong'ona, kenako ndinalephera kudzigwira. Ndinaimba nthungululu mu wodi ya azungu, bala lili pamimba! Nesi anathamanga ndi makina a bipi. Mayi wa pakona uja anaomba m'manja osadziwa n'komwe chifukwa chake.

Si zonse zimene tinapempha. Tinapempha zaka zitatu, atipatsa chimodzi, akaona zipatso adzaganizanso. Tinapempha antchito anayi, avomera awiri. Ndipo Sydney sangavale baji ya chipatala mpaka akuluakulu aunike mbiri yake ya kundende, zimene zingatenge miyezi. Apo pandiwawa, chifukwa amene wawina ndalamazi ndi iyeyo. Koma wapampando wati komiti yalemba m'chigamulo chake kuti ikufuna iyeyo ndiye atsogolere ntchito ya pabedi. Nkhondo imeneyo ndiimenya ndikachira, ndipo ndili ndi masabata angapo a tchuthi oti ndiziimbira anthu mafoni mpaka atope nane.

Ndinamuimbira Sydney ali kuntchito. Kumbuyo kunkamveka mafoloko onyamula katundu.

“Anti, musandinamize.”

“Ndikunamize ndili pabedi la chipatala?”

Kenako ndinamva akuuza mnzake m'Chingerezi kuti agwirizire kaye, akufuna kukhala pansi.

Mayi Agatha atuluka masana. Pondipsompsona pa tsaya anati, “Musazidye ndalamazo. Ndiziwerenga nyuzipepala.”

Bala lauma bwino. Kutentha thupi kwatha. Mawa kunyumba.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndikulemba ndili pa mpando wa m'khonde, chikwama chili pamiyendo. Anditulutsa m'mawa: mapiritsi a ululu, osanyamula zolemera, osadya zamafuta, nesi wa kudera adzachotsa timawaya ta pabala sabata yamawa. A Lazarus ndi Sydney anabwera kudzanditenga.

Tikudikira mankhwala, Halima anakwera kuchokera ku ngozi. Anandikumbatira mosamala, kenako anatembenukira kwa Sydney. Anati m'wodi ya abambo muli mnyamata wa zaka za m'ma twente amene anamuwombera pa ntchafu kumapeto a sabata. Salankhula ndi apolisi, salankhula ndi manesi, koma anzake akubwera tsiku lililonse ndipo amatseka katani. Mayi ake akhala akulira pa khonde. Atamva za gulu lathu apempha ngati wina angamuone.

“Baji ndilibe,” anatero Sydney.

“Ino ndi nthawi ya alendo,” anatero Halima. “Mayi ake akuitana ngati mlendo wawo. Mwini wake akakana, utuluka.”

A Lazarus anayang'ana wotchi, paja galimoto anaiimika polipira. Ndinati, “Bambo a Kondie, kawonjezereni. Ine pano sindichoka.”

Sydney wapita kwa mnyamatayo, ife takhala, takhala. Mankhwala abwera. A Lazarus apita kukawonjezera kachiwiri, akung'ung'udza. Bala layamba kukoka, koma ndakana kukagona m'galimoto.

Sydney watuluka tsopano apa, akutsimphina kuposa masiku onse chifukwa cha ulendo wa m'madzi uja. Nkhope yosawerengeka.

“Walankhula?” ndinafunsa.

“Wanditukwana. Wati ndine kapolo wa apolisi.”

“Ndiye nthawi yonseyi?”

“Ndinangokhala. Mpando unalipo.” Anapukuta kumaso. “Nditaimirira kuti ndizipita anaona ndodoyi. Wandifunsa ngati mwendo umadzasiya kupweteka.”

“Wamuuza chiyani?”

“Zoona. Kuti susiya.”

Kenako anapempha a Lazarus kuti mawa amusiye pano akamapita kuntchito. Mnyamatayo wati anzake amabwera ikamakwana thuu koloko, ndiye Sydney akufuna adzafike wani.